Laisensi yoyamba ya ndege sidyetsa munthu

Mwezi wathawu alamu anga adandipeza pa Zalewa ndikudikira minibasi yobwerera ku Blantyre, nkundikokera kuseri kwa lole yawo yodzadza matumba a mbatata ya kachewere yochokera kwa Dambe. Nkhope yawo idali yowala ngati ya munthu amene watola chikwama pamsewu.

"Alamu," adatero, "mphwanu uja wakhoza bwino MSCE ndipo akuti akufuna kukhala payiloti. Ndapezana ndi munthu wina amene akuti ku Joni kuli sukulu, miyezi isanu ndi umodzi basi mwana wabwerako ndi laisensi. Loleyi ndigulitsa, ng'ombe zija nazonso zipita."

Ine ndidangofunsa funso limodzi: laisensi yake iti? Iwo adapisa m'thumba la shati nkutulutsa kapepala. Padalembedwa zilembo zitatu, PPL.

Ndalemba nkhaniyi chifukwa ndikudziwa kuti alamu anga sali okha. Ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu kuli anthu a geni amene akudzimana usiku ndi usana kuti mwana adzakwere pamene iwo sadafike, ndipo m'masukulu muli anyamata ndi atsikana amene mtima wawo uli m'mwamba. Nkhani yanga kwa onsewa ndi yakuti PPL ndi khwerero loyamba chabe pa makwerero aatali, ndipo munthu asagulitse chimene chimamudyetsa asanawerenge makwerero onse.

PPL ndi chidule cha Private Pilot Licence. Imeneyi imalola munthu kuulutsa ndege yaing'ono, yekha kapena ndi abale ndi anzake, koma lamulo limamuletsa kulandira malipiro pa ntchitoyo. Zili ngati laisensi yoyendetsera galimoto ya pakhomo. Ungatenge banja lako kupita nalo kunyanja ku Mangochi, koma palibe kampani ya mabasi imene ingakupatse chiwongolero. Wakumva zimenezi asanalipire ndi wamwayi, pakuti ambiri amazimva ndalama zitapita kale.

Malamulo ake sitidapange ife Amalawi. Maziko ake amachokera ku bungwe la ICAO, lomwe likulu lake lili ku Montreal m'dziko la Canada, ndipo lidabadwa kuchokera ku mgwirizano umene maiko adasainirana ku Chicago mu 1944. Bungweli limati wofuna PPL akhale wa zaka zosachepera 17 ndipo aziyembekezera kuuluka maola osachepera 40. Mwa maola amenewa, 10 akhale ali yekhayekha m'ndege, mphunzitsi atatsala pansi, ndipo pakhale ulendo umodzi wa makilomita osachepera 270 wotera pa mabwalo awiri osiyana. Ku South Africa, kumene ana athu ambiri amapita, amafuna maola 45. Dziwani kuti amenewa ndi malire a pansi. Mphunzitsi akaona kuti mwana sanakhwime pa kuteretsa ndege, amamubwereza, ndipo ola lililonse lobwereza ndi ndalama inanso.

Kuuluka kokha sikukwanira. Pali mayeso olemba a malamulo a m'mlengalenga, za nyengo, kuwerenga mapu ndi kampasi, kagwiridwe ntchito ka injini, kuwerengetsa mafuta ndi kulemera kwa katundu, mmene thupi la munthu limachitira likakwera m'mwamba, komanso kulankhula pa wailesi m'Chingerezi chomveka. Palinso dokotala wovomerezeka amene amayeza maso, makutu ndi mtima.

Tsono tiyeni tikwere makwerero aja. Kuti munthu ayambe kulandira malipiro afunika laisensi yachiwiri, CPL, ndipo imeneyi mwa nthawi zonse imafuna maola 200. Chotsani 45 pa 200, mutsala ndi 155, onse olipira. Ndiye kuti PPL sikwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a ulendowo. Pamwamba pake pali maphunziro ouluka usiku, ouluka m'mitambo modalira zida za m'ndege zokha, ndi oyendetsa ndege ya mainjini awiri. Akafuna kukhala kutsogolo kwa Boeing 737 kapena Q400, ndege zimene timaziona pa bwalo la Kamuzu ndi ku Chileka, ayenera kuphunziranso mtundu wa ndegeyo pawokha. Ukaputeni wa ndege zikuluzikulu umafuna laisensi yachitatu, ATPL, ya maola 1,500 ndi zaka zosachepera 21. Kodi munthu wa kapepala uja adawauza alamu anga zonsezi? Ayi ndithu.

Nanga ndalama zake ndi zamtundu wanji? Sukulu za kunja sizidziwa kwacha. Zimafuna randi kapena dola. Inu a geni mukukumbukira bwino kuti mu May 2022 kwacha idagwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idagwanso ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene adawerengetsa fizi ya mwana usiku wa dzulo lake adadzuka m'mawa ndalama zake zitafota ngati masamba a nkhwani padzuwa. Ndipo ndege si buku limene ungaliike pa shelefu nkudzapitiriza chaka chamawa. Mwana akakhala miyezi ingapo osauluka chifukwa ndalama zachedwa, manja amaiwala, ndipo pobwerera amayamba walipira maola okumbutsira zimene adalipira kale.

Ine sindikulankhula ngati munthu wongomva. Ndidalowa yunivesite mudzi wonse ukuvina, koma ndidatulukamo chaka chachiwiri chisanathe, bambo atamwalira ndipo wolipira fizi atasowa. Ndikudziwa kulemera kwa maphunziro othera panjira. Theka la digiri silikulembetsa ntchito, ndipo ndalama zimene zidapita sizibwerera. Amayi adagulitsa makina awo osokera chifukwa cha ine, ndipo mpaka lero ndikaona telala pakhonde la sitolo mtima umandipweteka. Nchifukwa chake nditamva za lole ya alamu anga tulo tidandithawa. Loleyo ndiyo imadyetsa ana asanu, ndiyo imalipira fizi ya aang'ono atatu amene akadali ku pulaimale ndi ku sekondale.

Musandimve molakwa. Sindikuti mwana wa ku Neno alibe gawo m'mwamba. Ndege zochoka ku Lilongwe zikamatsikira ku Chileka zimadutsa chakufupi ndi kwathu, ndipo tonse tidakula tikuzithamangira ndi maso mpaka khosi kuwawa. Mphwangayu mtima wake udagwidwa atamva za mayi Yolanda Kaunda, amene mu 2016 adakhala mzimayi woyamba wa ku Malawi kufika pa ukaputeni, ndipo mu March 2017 adatsogolera ndege yochoka ku Blantyre kupita ku Dar es Salaam ogwira ntchito onse ali amayi okhaokha. Loto lotere ndi labwino ndipo ine sindingalithire madzi. Koma safunsa adadya phula, choncho nazi zimene ndidawauza alamu anga, ndipo ndikukuuzani inunso.

Choyamba, yambani ndi dokotala musanalipire tambala ku sukulu iliyonse. Ngati cholinga ndi ntchito, mwana ayezedwe pa muyezo wapamwamba wa Class 1 umene CPL imafuna, osati wa Class 2 umene umakwanira pa PPL. Pali anthu amene sasiyanitsa bwino mtundu wofiira ndi wobiriwira koma sadziwa mpaka tsiku lowayeza. Kuli bwino kumva zimenezi lole ikadali pakhomo.

Chachiwiri, funsani sukuluyo mtengo wa ulendo wonse mpaka pa CPL, wolembedwa papepala, kuphatikizapo malo ogona, chakudya, mabuku, mayeso ndi chitupa chokhalira m'dzikomo. Funsaninso kuti ophunzira awo ambiri amamaliza ndi maola angati, osati malire a pansi aja.

Chachitatu, musapereke ndalama zonse nthawi imodzi, ndipo musapereke kwa munthu wapakati. Lipirani pang'onopang'ono molingana ndi maola amene mwana wauluka. Sukulu nayonso ndi bizinesi, ikhoza kutsekedwa ndalama zanu zili m'kati.

Chachinayi, pitani kaye ku ofesi yoona za maulendo a pandege m'dziko muno mukafunse ngati sukuluyo ndi yovomerezeka kwawoko, ndiponso zimene zimafunika kuti laisensi ya kunja ilandiridwe kuno. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo zithunzi zokongola za pa intaneti si umboni.

Chachisanu, mwana asataye malo ake ku koleji kapena ku yunivesite kamba ka PPL. Masamu, fizikisi, jogalafe ndi Chingerezi ndizo nsanamira za ntchito imeneyi, ndipo amene ali ndi pepala lina m'manja amakhala ndi pogwira zinthu zikavuta.

Tsopano nditembenukire kwa akuluakulu a boma, pakuti mlandu suli pa makolo okha. Zoona dziko lonse lingasiye ntchito yofunika chonchi m'manja mwa mabanja olemera ndi a anthu ogulitsa ng'ombe? Air Malawi idatha mu 2013, ndipo kampani imene idalowa m'malo mwake idayamba kuuluka mu January 2014, boma lathu lili ndi magawo 51 pa 100 alionse pomwe Ethiopian Airlines ili ndi 49. Anzathu a ku Ethiopia amenewa ali ndi sukulu yawoyawo yophunzitsa oyendetsa ndege ku Addis Ababa. Nchiyani chingatiletse kupangana nawo kuti chaka chilichonse atenge ana angapo osankhidwa pa mayeso a poyera, ana amene adzabweze ngongoleyo ndi ntchito akamaliza? Zambia idakhazikitsa sukulu ya ZASTI ku Lusaka, Uganda ili ndi yake ku Soroti. Ife tili ndi bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite. Bwanji osatsegula khomo lina laling'ono la maphunziro a ndege, lokhala ndi malo osungidwira maboma a kumidzi monga Neno, Chitipa ndi Nsanje?

Wina anena kuti iwe wapenga, ukukamba za ndege pomwe anthu a ku Neno akhala akulirira msewu wa tara kuyambira pamene bomali lidapatuka ku Mwanza mu 2003. Wanena zoona, ndipo ndikadapatsidwa mwayi wosankha chimodzi ndikadasankha msewu. Koma kumbukirani March 2023 pamene namondwe wa Freddy adakokolola milatho ndi midzi m'chigawo cha kummwera. Kumene galimoto idalephera kufika kudafika helikopita, ndipo tidathandizidwa ndi za anzathu a ku Tanzania ndi Zambia. Dziko la mapiri ndi madzi osefukira ngati lathu limafuna anthu ake odziwa kuuluka. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 138,000 m'boma la Neno. Mukufuna kundiuza kuti pakati pa onsewa palibe ngakhale mmodzi wa maso akuthwa ndi mutu wozizira?

Ndipo maphunziro amenewa safuna njira zachidule. Tonse tikukumbukira pa 10 June 2024 pamene ndege ya asilikali idagwa m'nkhalango ya Chikangawa ndi kupha anthu asanu ndi anayi, kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima, pa tsiku la mitambo ndi chifunga. Mlengalenga simusewera ngakhale ndi anthu ouluka zaka zambiri. Nanga bwanji mwana amene akuthamangitsa maphunziro chifukwa ndalama za lole zikutha?

Kwa inu ophunzira, palinso makomo ena olowera m'ntchito za m'mwamba. Mu 2017 boma ndi UNICEF adatsegula malo oyeserera tindege topanda munthu, ma drone, ku Kasungu, ndipo mu January 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy idayamba kuphunzitsa achinyamata ku Lilongwe. Kulinso ntchito za okonza ndege, owongolera ndege ali pansi ndi a zanyengo. Amene walowa pa khomo limodzi mwa amenewa amaphunzira chinenero cha ntchitoyo, amadziwana ndi eni ake, ndipo amatha kusunga ndalama za maola ake pang'onopang'ono. Tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha.

Mphwanga uja sadakondwe nane. Atamva kuti ndawaletsa bambo ake, adandiimbira foni akulira. "Amalume, inuyo zanu zidakanika, ndiye mukufuna zanganso zikanike?" Mawu amenewa adandilasa, koma ndidamuyankha kuti chifukwa chomwecho, kuti zanga zidakanika, ndicho chikundipatsa mphamvu yolankhula. Ndidamuuza kuti sindikufuna adzabwerere kumudzi ndi kabuku ka maola 45 m'chikwama, kopanda ntchito, nkupeza azing'ono ake atasiya sukulu chifukwa cha iye.

Tagwirizana kuti ayambe wakaonana ndi dokotala, ndipo ndalama ya ulendo umenewo ndilipira ine monga malume wake. Alembetsanso ku koleji pamene tikudikira mayankho a makalata amene tatumiza ku sukulu zitatu kufunsa mtengo wa ulendo wonse. Lole ya alamu anga ikadali pamsewu, ndipo Lachisanu lapitali ndidaiona ikutsitsa mbatata ku msika wa Limbe.