Foni Siyolakwa: Manyazi a Ana a ku Ruwa Ali ndi Eni Ake

Anthu ena ophunzira komanso atsogoleri a mipingo akhala akulalikira kuti achinyamata aonongeka chifukwa chotengera anzawo pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok, ndipo kuti mankhwala ake ndi kuwalanda mafoni. Maganizo amenewa ndi aulesi. Wofuna kuona kuperewera kwake apite ku Ruwa, tauni ya m'boma la Goromonzi pamsewu wochoka ku Harare kulowera ku Mutare, komwe kuli zidzukulu za Amalawi amene adapita kukagwira ntchito m'mafamu a azungu m'nthawi ya Mthandizi.

Kumeneko chikakamizo choopsa chochokera kwa anzawo sichikhudza zovala kapena mowa ayi. Chikukhudza lilime. Mtsikana amene kunyumba amayankha agogo ake kuti "wawa" sangayerekeze kutumiza mawu a Chichewa pagulu la WhatsApp la m'kalasi mwake. Akudziwa mayina amene akumudikira: mubhurandaya, kutanthauza wa ku Blantyre, kapena mubwidi. Kale chipongwe chotere chinkathera pabwalo la sukulu belu likalira. Lero chimamutsata mpaka pamphasa usiku, chimajambulidwa, n'kugawidwa kwa anthu amene sadamuonepo nkhope. Mwanayo amaphunzira msanga kulemba Chishona chosakaniza ndi Chingerezi, n'kubisa kwawo.

Koma kodi ana onyozawo mawuwa adawapeka okha? Kutalitali. Kulandidwa kwa mafamu kuyambira mu 2000 kudasiya antchito ambiri opanda ntchito ndi pogona. Lamulo la unzika la 2001 lidasandutsa anthu obadwira m'Zimbabwe momwemo kukhala alendo chifukwa makolo awo adabadwira kunja. M'zaka zomwezo Robert Mugabe adawanyoza poyera kuti ndi anthu opanda mfunda, ngati kuti Phiri, Banda ndi Mwale ndi mayina otola m'njira. Mu 2005 chipasupasu cha Murambatsvina chidakataya mabanja pa famu ya Caledonia, pafupi ndi Ruwa pomwepo. Mwana wonyoza mnzake pafoni akungobwereza zimene akuluakulu adayankhula pamisonkhano.

Akatswiri a ziyankhulo amaidziwa bwino njira imeneyi: agogo amayankhula, makolo amasakaniza, zidzukulu zimangomva koma osayankha. Chiyankhulo sichifa chifukwa choti ndi chosauka. Chimafa mwana akaona kuti kuchiyankhula kumamutsitsa pamaso pa anzake.

Ena adzati malamulo adakonzedwa kale. N'zoona kuti malamulo oyendetsera dziko a 2013 adaika Chichewa pa mndandanda wa ziyankhulo 16 zovomerezeka, ndipo mwa mwayi wa alifabeti chidakhala choyamba. Koma ulemu wa papepala suteteza mwana pagulu la WhatsApp. Chimene chingamuteteze ndi kuona chiyankhulo chake m'buku la sukulu, m'mayeso ndi pakamwa pa mphunzitsi. Alick Macheso, mwana wa m'mafamu a ku Shamva, adaimba m'Chichewa ndipo dziko lonse lidavina osafunsa mfunda wake. Gule Wamkulu, amene ena kumeneko amamuseka kuti zvigure, adalemekezedwa ndi UNESCO mu 2005.

Akale adati mlendo ndi mame. Koma anthu amene akhala pamalo mibadwo inayi, nalima fodya amene adalemeretsa dziko, si mame ayi. Kulanda mwana wawo foni n'kumutseka pakamwa kachiwiri. Ntchito ya ophunzira ndi kulemba mabuku, kusula aphunzitsi ndi kudzaza mafoni omwewo ndi Chichewa chimene mwana angatumize kwa mnzake mutu uli m'mwamba.