Nsabwe, mabwidi ndi nthabwala za m'magulu a pa foni

Pa 14 October 2025 nyuzipepala ya Politico ku America inaulutsa mauthenga odzaza masamba 2,900 amene atsogoleri a achinyamata a chipani cha Republican ankatumizirana mobisa pa Telegram. Anali a ku New York, Kansas, Arizona ndi Vermont. M'menemo anthu akuda ankatchedwa anyani, mmodzi analemba kuti amakonda Hitler, ndipo za zipinda za mpweya wa poizoni momwe munathera Ayuda zinkanenedwa moseka. Ena anachotsedwa ntchito, ndipo phungu wa ku Vermont, Samuel Douglass, anatula pansi udindo. Koma wachiwiri kwa mtsogoleri wa dzikolo, JD Vance, anangoti ana amachita zopusa. Anawo ena anali atapitirira zaka 30.

Mawu akuti "ndi ana, amangoseka" ndi amene ayenera kukanidwa, ndipo palibe amene angawakane ndi umboni wolemera kuposa Achewa a m'matauni a migodi m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe.

Ku Kwekwe, Redcliff, Shurugwi ndi Zvishavane kuli mabanja a Phiri, Banda, Mwale ndi Mbewe amene agogo awo anachoka ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete kudzakumba golide ku Globe and Phoenix, kromu ku Selukwe ndi asibesitosi ku Shabanie, ena kudzasungunula chitsulo ku Redcliff. Kwawo anawatcha matchona. Kumene anafikako anamanga makomboni, mizikiti, matchalitchi ndi madambwe, ndipo gule wamkulu akuvinidwabe mpaka lero. Dzina lomwe anawapatsa eni dziko ndi lakuti mabwidi, pena manyasarande, pena mabhurandaya.

Dzina loyambalo ndi lofunika kuliunika bwino, chifukwa chipongwe chake chili m'kapangidwe ka chiyankhulo momwe. Chishona, monga Chichewa, chimagawa mayina m'magulu. Munthu amakhala m'gulu la mu- ndi va-: munhu, vanhu, mukadzi, vakadzi. Koma bwidi ndi mabwidi lili m'gulu lina, limodzi ndi dombo ndi matombo, kutanthauza miyala, gudo ndi makudo, anyani, bere ndi mapere, afisi. Wotchula dzinali safunika kuwonjezera mawu ena onyoza. Mgwirizanitsi aliyense wotsatira m'chiganizomo amabwereza yekha kuti wonenedwayo wachotsedwa m'gulu la anthu. Mchewa sangadabwe nazo, pakuti nayenso akafuna kupeputsa mnzake amati chimunthu ichi, kapena kamunthu aka, ndipo aliyense amamva kuti munthuyo watsitsidwa.

Kwa zaka zambiri dzinali linkaoneka ngati nthabwala za ku mowa ndi za pa bwalo la mpira. Kenaka linakwera pa nsanja. Mu 2000, pamene anthu a m'matauni anayamba kukonda chipani cha MDC, Robert Mugabe anatcha anthu a ku Mbare opanda mitupo, ndiye kuti opanda mfunda, obwera osadziwika kwawo. Zinali zoseketsa kunena choncho za anthu amene mfunda wawo ndilo dzina lawo lomwe, Phiri ndi Banda, koma khamu linamva zomwe ankatanthauza. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa: aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina anapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi kuti akane unzikawo motsata malamulo a dziko linalo. Mdzukulu wa mtchona, wobadwira m'komboni ya Shabanie, wosaonapo Dedza ndi maso, anauzidwa kuti akane dziko lomwe silinamulembepo m'kaundula. Ambiri sanathe. Pa zitupa zawo panakhala mawu akuti ALIEN, ndipo pa chisankho cha 2002 anabwezedwa pa mzere. Malamulo oyendetsera dziko a 2013, pa gawo 43, anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linali la dziko la m'bungwe la SADC, komabe mu 2021 bungwe la Amnesty International linapeza mbadwa zambiri za anthu obwerawa zikukhalabe zopanda chitupa chilichonse, ana awo osatha kulemba mayeso. Kuchoka pa dzina la ku mowa kufika pa chitupa chodindidwa panadutsa njira imodzi, ndipo onse amene ankaseka anaiyenda limodzi.

Mzinda wa Kwekwe unaona njira yomweyo ikuyendedwa m'tsiku limodzi. Pa 26 February 2022, pokonzekera chisankho chapadera cha pa 26 March, wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Constantino Chiwenga, anauza msonkhano wa ZANU-PF mumzindawo kuti chipani cha CCC adzachiphwanya monga momwe munthu amaphwanyira nsabwe pa mwala, mpaka ntchentche zisapeze chodya. M'mawa mwake, Nelson Chamisa akuyankhula ku Mbizo, gulu la anyamata onyamula zikwanje, mikondo, zitsulo ndi miyala linathira nkhondo anthu osonkhanawo. Mboneni Ncube anabayidwa ndi mkondo, namwalira. Ena ambiri anavulala. Woyankhula akhoza kunena kuti linali fanizo chabe. Koma fanizo la nsabwe lili ndi ntchito imodzi yokha: kuchotsa chisoni mwa wophayo. Palibe amene amaimbidwa mlandu popha nsabwe, palibenso amene amalira maliro ake.

Pakati pa nsanja ndi mkondo pali malo amene mawu a akulu amakatafunidwa, ndipo masiku ano malowo ndi foni. Kwa anthu ambiri ku Zimbabwe intaneti ndi WhatsApp basi. Mu 2018 Emmerson Mnangagwa, amene Kwekwe ndi kwawo pa ndale, analimbikitsa achinyamata a chipani chake kuti alowe pa masamba a mchezo akathane ndi otsutsa, ndipo kuchokera ku mneni wa Chishona amene anagwiritsa ntchito, kurakasha, kunabadwa dzina la varakashi. A mbali ya Chamisa nawo ali ndi awo, ndipo pakamwa pawo sipotsuka. Zimene anthu amaona pa X ndi pa Facebook ndi zophikaphika. Kophikira ndi m'magulu otsekeka a nthambi, a wadi ndi a achinyamata, momwe aliyense amadziwa mnzake ndi nambala yake.

Gulu lotsekeka lili ndi khalidwe lake. Mlendo mulibe, choncho manyazi mulibe. Wonena mawu aukali kuposa anzake ndiye amalandira tinkhope toseka tambiri, ndipo wotsatira amayenera kuwonjezerapo kuti naye aoneke. Wokhala chete amakayikiridwa. Wotuluka amasiya chizindikiro choti watuluka, ndipo m'tauni yaing'ono ngati Shurugwi chizindikiro chimenecho chimamutsata mpaka kumsika. Nthabwala zoterezi ntchito yake si kuseketsa. Ndi mayeso: kodi uyu ndi wathu mpaka pati? Amene waseka lero za mabwidi kapena za nsabwe wavomera kale, pamaso pa mboni, kuti mawa akaitanidwa sadzakana.

Ndipo kuitanako kuli ndi malipiro. Ziscosteel inasiya kusungunula chitsulo mu 2008, Redcliff nkusanduka tauni ya anthu odikira. Mgodi wa Shabanie unagwa boma litaulanda m'manja mwa Mutumwa Mawere mu 2004. Chotsala kwa mnyamata wa m'komboni ndi maenje a golide, ndipo polowa m'maenjemo khadi la chipani limathandiza kuposa satifiketi ya sukulu. Magulu a zikwanje otchedwa maShurugwi, ndi lina la ku Kwekwe lodziwika ndi dzina la Al Shabaab, anakulira m'nthaka imeneyi, momwe golide ndi ndale zimadyera mbale imodzi. Chowawa kwambiri nchakuti zidzukulu za matchona nazo zili m'magulumo. Mnyamata wotchedwa Phiri, podziwa kuti dzina lake limamuneneza, amaseka mokweza kuposa onse wina akatchula mabwidi, nathamangira kutsogolo tsiku la msonkhano, kuti asafunsidwe kwawo. Agogo ake anakumba mgodiwo; iye akugula malo ake m'dziko ndi mwano kwa agogo akewo.

Ena amati zonenedwa mseri ndi za mseri, ndipo woulula ndiye wolakwa. Zikanakhala zoona akanakhala anthu wamba ocheza pa bawo. Koma awa ndi amene amalemba mayina a olandira chimanga ndi fetereza, amene amalondera zipata za misonkhano, amene mawa adzakhale makhansala ndi aphungu. Zomwe amanena poti palibe owamva ndizo zimasonyeza amene adzamudumphe pa mndandanda. Enanso amati boma lilowerere, lizilondera magulu a pa foni. Ku Zimbabwe kuli kale lamulo la 2021 lokhudza za pa intaneti, ndipo mu November 2024 kunamveka kuti oyang'anira magulu a WhatsApp adzafunika chiphaso cha POTRAZ, nkhani imene nduna Tatenda Mavetera anaikana pambuyo pake. Kupereka ntchito imeneyi kwa boma lomwe wachiwiri kwa mtsogoleri wake anatchula za nsabwe kuli ngati kusungitsa mbuzi kwa fisi. Ogwidwa adzakhala atolankhani ndi otsutsa. Magulu a anyamata a chipani cholamula sadzagogodedwa. Make mbuu, mwana mbuu: mnyamata wa m'gulu sapeka chiyankhulo chake, amangonola chimene wamva kwa wamkulu wake.

Achewa a ku Malawi ndi ku Zambia asawerenge izi ndi mtima wa olakwiridwa okha. Kumene ali ochuluka, m'magulu awo a pa foni mumayenda mayina ena: Alomwe amabwezeredwa dzina la Anguru lomwe analikana kalekale, Atumbuka amanenedwa ngati alendo ku Lilongwe, Ayao amasekedwa za sukulu ndi za chipembedzo. Nazonso zimatchedwa nthabwala, pena zimabisala m'chovala cha chinansi, ngati kuti kunyozana kwa pa maliro pakati pa anthu ogwirizana n'chimodzimodzi ndi kunyoza munthu amene palibe ndipo sangayankhe. Mbiri yake ikudziwika. Mu 1968 Chichewa chitakwezedwa kukhala chiyankhulo cha dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kwawo. Anyamata a Young Pioneers anatsatidwa ndi a Young Democrats, iwo natsatidwa ndi makadeti amene pa 19 July 2011 anayendayenda m'misewu ya Blantyre pa magalimoto a chipani akunola zikwanje pa phula. M'masiku awiri otsatira anthu 20 anafa pa zionetsero. Pa 26 June 2025 ku Lilongwe, Sylvester Namiwa anamenyedwa ndi anthu a zikwanje masanasana, apolisi ndi asilikali ali chiimire pomwepo.