Lichero likauluka, lisamathere m'maloto

Sabata yathayi mlembi wa danga lino anakwiya ndi kankhani kakang'ono ali pa depoti ya Liwonde, podikira kuti minibasi ya ku Balaka idzaze. Munyuzi ina munali nkhani yopeka yoyamba bwino zedi: mtsikana wa ku Ntaja wakwera lichero usiku, wadutsa pamwamba pa phiri la Chikala, pansi akuona nyali za asodzi a pa Chilwa. Kufika ndime yomaliza, tambala walira, mtsikana wadzidzimuka, zonse zija anali maloto.

Aliyense wokonda masamba a nkhani zopeka akuwadziwa matenda amenewa. Wolemba amautsa chodabwitsa, kenako n'kuchita nacho mantha yekha, n'kuchipepesera. Chipanda maloto, ndiye kuti kubwera abusa kudzapemphera, nkhani n'kuthera pomwepo. Chonsecho agogo ponena kuti "padangokhala", ana n'kuvomera "tili tonse", sankabweza mawu kumapeto. Steve Chimombo, amene ankatulutsa magazini ya WASI ku Zomba, analemba za Napolo moyo wake wonse osamuchepetsa kuti akhale loto la munthu wodya kwambiri madzulo.

Koma wolakwa weniweni si wolembayo, amene mwina ndi mwana wa Fomu 3. Wolakwa ndi mkonzi amene analandira nkhaniyo n'kuidinda osaibweza ndi mawu akuti: chotsa ndime yomalizayi, utiuze komwe mtsikanayu anakatera. Ubwino wa magazini ya nkhani zotere umagona pa munthu wotha kukana.

Umboni ulipo. Ku Nigeria, Mazi Nwonwu ndi Chinelo Onwualu anayambitsa Omenana mu 2014, magazini ya pa intaneti yowerenga ulere, ya nkhani za sayansi ndi zamatsenga za olemba a mu Africa. M'menemo ndi momwe munatuluka "Montague's Last" ya Ekari Mbvundula wa konkuno, nkhani ya kapolo amene ali m'ndende ya ku France, akulimbana ndi kumaliza chipangizo chake imfa ili pakhomo. Palibe akudzuka m'nkhani imeneyo. Shadreck Chikoti anatulutsa buku la Azotus the Kingdom mu 2015, lokamba za Africa wa zaka 500 zikubwerazo, ndipo pofuna kusonkhanitsa nkhani za buku lina lotchedwa Imagine Africa 500 sanadzidalire yekha: ukonzi anaupereka kwa Billy Kahora wa ku Kenya. M'buku limenelo muli nkhani ya Muthi Nhlema yomwe inatamandidwa mpaka kunja.

Zonsezi zili m'Chingerezi, ndipo apa ndi pamene mtima umawawa. Mayi wogulitsa mpunga pa Nsanama, amene amadziwa za ndege za ufiti kuposa mkonzi aliyense wa ku London, alibe poziwerengera m'chinenero chake.

Chomwe chamufikira ndi foni. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pakuyenda nkhani zamagawomagawo zokhala ndi zithunzi zonyezimira zopangidwa ndi kompyuta, njoka ya mitu itatu, mfumukazi ya pansi pa madzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: Chichewa chothyokathyoka, mayina osintha pakati pa nkhani, gawo lachisanu lotsutsana ndi loyamba. Vuto la zopangidwa ndi kompyutali lafika ngakhale kwa akuluakulu. Mu February 2023, Neil Clarke wa magazini ya Clarkesworld ku America anayamba watseka kaye kulandira nkhani, chifukwa zolembedwa ndi makina zinkabwera mazanamazana. Anatseka chitseko m'malo modyetsa owerenga ake madeya, ndipo anachita bwino.

Nanga Balaka akudikira chiyani? Ndi boma lomwe lili ndi makina odindira a Montfort Media, kumene kumachokera The Lamp, Together ndi nyuzi ya Chichewa ya Mkwaso. Luso losindikiza liripo kale. Zolemba nazo zangoti mbwee. Phiri la Kangankunde lili ndi miyala yosowa imene mayiko akuilimbirana popangira galimoto zamagetsi: kodi mudzi wa m'tsinde mwake udzakhala wotani mu 2080? Sitima ya malasha yochokera ku Moatize imadutsa pa Nkaya ndi Liwonde kupita ku Nacala usiku anthu ali mtulo. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1995, mabwato n'kutsala pamatope, ndipo akuluakulu a m'mbali mwake ali ndi zonena zawo za chimene chimaimeza.

Chofunika si chachikulu: masamba asanu ndi atatu pa miyezi itatu iliyonse, m'Chichewa ndi m'Chiyao, kandalama kolipira wolemba ngakhale kochepa, ndi mkonzi mmodzi wokhwima mtima amene amawerenga mpaka ndime yomaliza asanatumize kwa odinda. Aphunzitsi a Chichewa a m'sekondale za Machinga ndi Balaka akuwadziwa kale ana amene angadzaze kope loyamba.