Musanagule reel, funsani mchere

Loweruka lapitali ndinalawirira ku Blue Lagoon, pamene mtsinje wa Umgeni umathira m'nyanja yamchere kuno ku Durban. Ino ndi nyengo ya nsomba za shad, ndiye pofika 5 koloko m'mawa n'kuti pamiyala patadzaza kale anthu, aliyense ndodo yake m'manja. Pafupi nane panaima mnyamata amene kayankhulidwe kake kanandiuza kuti ndi wakwathu. Titalonjerana anati ndi wa ku Mangochi, ndipo kuno sanathe chaka. Kuponya amakudziwa, mwana wa kunyanja ameneyo, ndipo nsomba itadya anaigwira bwino lomwe. Koma ili pafupi kufika pamiyala, reel yake inangoti gwa, chogwirira osazunguliranso. Chingwe chinakungika, kenaka n'kuduka.

"Achimwene, imeneyi ndagula mwezi wathawu," anatero akuitembenuza m'manja. "Anandiuza kuti ili ndi ma bearing 14."

Nditaiona ndinapeza kuti kunja ikuwalabe ngati yatsopano. Koma pa tizomangira tonse panali patatuluka kaufa koyera, ndipo katayala kamene chingwe chimadutsapo kanali katauma ndi dzimbiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nkhani imeneyi imandikhudza chifukwa mnyamatayo sali yekha. Amalawi ambiri amene tili ku Durban, ku Cape Town ndi m'mizinda ina ya m'mbali mwa nyanjayi timagwira ntchito za m'nyumba, za m'mashopu, zaulonda. Tsiku lopuma likafika, kuwedza ndiko kumatipumitsa maganizo, komanso kumabweretsa ndiwo pakhomo. Ndalama yathu ndi yowerengeka: ina ya lendi, ina ya basi, ina yotumiza kumudzi. Munthu wotere sangagule reel kawiri pa chaka. Ndiye funso lakuti "yotchipa yabwino ndi iti" ndi funso lolemera, ndipo liyenera kuyankhidwa moona.

Yankho langa limayambira pa madzi. Ife tinakulira pa Nyanja ya Malawi, pa Malombe, pa Shire, madzi opanda mchere. Kumeneko chitsulo chimakukhululukira. Mbedza ukaiiwala m'bwato sabata yathunthu umaipeza ikadali mbedza. Nyanja ya kuno lita imodzi yokha imakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35. Madzi akauma mcherewo umatsalira m'timipata, n'kumakoka chinyontho cha mumpweya usana ndi usiku. Tsono reel imapangidwa ndi zitsulo zosiyanasiyana zokhudzana: aluminiyamu apa, chitsulo cholimba apo, mkuwa m'magiya. Zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana pakati pali madzi amchere, zimachita ngati batire, ndipo chofookacho chimayamba kudyeka. Kaufa koyera kaja ndi aluminiyamu amene wadyedwa. Onjezanipo mchenga umene mafunde amamwaza, ndiye mwapeza zimene zinapha reel ya mnyamata uja m'masabata anayi.

Mtundu umene tikunena pano ndi uja amati spinning reel, wolendewera kunsi kwa ndodo, umene pokulungira chingwe pake sipazungulira munthu akamaponya. Nzeru imeneyi ndi yakale: Alfred Illingworth wa ku England anailembetsa mu 1905, ndipo inafala kwambiri itatuluka Mitchell 300 ya ku France kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Ubwino wake ngwakuti wophunzira amaizolowera tsiku limodzi, chingwe sichisokonekera kawirikawiri. Vuto lake ngwakuti ili ndi timipata tambiri tolowera madzi. N'chifukwa chake posankha, chimene chalembedwa ndi zilembo zazikulu pabokosi sichikhala chofunika kwenikweni.

Tiyambe ndi ma bearing omwewo, poti ndiwo nyambo ya ogulitsa. Aliyense amene anakonzapo njinga amadziwa kuti kuchuluka kwa timipira m'habu si kumene kumayendetsa njinga. Chimene chimayendetsa ndi chitsulo chake ndi girizi. Reel nayo chimodzimodzi. Penn Battle, imene asodzi ambiri a m'nyanja yamchere amaidalira, ili ndi ma bearing 5 ndi imodzi yoletsa kubwerera m'mbuyo. Daiwa BG ili ndi 6 ndi imodzi. Shimano Sedona ili ndi 3 okha ndi imodzi. Makampani amenewa si a dzulo. Shimano inayamba mu 1921 ku Sakai m'dziko la Japan ndi zipangizo za njinga, n'kudzalowa m'zausodzi mu 1970. Penn inayamba mu 1932 ku Philadelphia. Ngati iwowa akukhutira ndi ma bearing ochepa chotero, reel yopanda dzina yolonjeza 14 pa mtengo wa chakudya cha masiku awiri yatenga kuti chitsulo chabwino? Bearing iliyonse ya chitsulo wamba ndi khomo lina loti dzimbiri lilowerepo. Funsani ngati ndi a stainless steel, ndiponso ngati ndi otsekedwa m'mbali. Anayi otero amaposa khumi ndi anayi otseguka.

Chachiwiri, ndipo kwa ine ndicho mtima wa reel, ndi buleki, imene azungu amati drag. Nsomba yamphamvu ikathamanga, buleki ndiyo imalola chingwe kutuluka pang'onopang'ono m'malo moduka. M'shopu momwemo, pemphani reel yokhala ndi chingwe, mangani buleki pang'ono, kokani chingwe ndi dzanja. Chizituluka mosalala ngati ulusi wa telala. Chikamatuluka modumphadumpha, kugwira n'kumasuka, kugwira n'kumasuka, isiyeni ngakhale atakutsitsirani mtengo. Kugwira kumodziko n'kokwanira kudula chingwe nsomba ya garrick ikathawa nacho. M'kati mwa buleki mumakhala timawashala. Ta nsalu yofewa timagwira ntchito koma timatha msanga tikanyowa ndi kutentha, pamene ta carbon, monga timene Penn amatitcha HT-100, timapirira. Ndipo musakopeke ndi manambala akuti buleki imafika makilogalamu 15 kapena 20. Asodzi odziwa amamanga buleki pa gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu a mphamvu ya chingwe. Chingwe cha makilogalamu 8 chimafuna buleki ya makilogalamu 2 basi. Botolo la malita 2 lodzaza madzi limalemera chomwecho. Limangirireni kuchingwe kunyumba, mukweze, ndipo buleki iyambe kumasuka botolo likangonyamuka pansi.

Za thupi la reel anthu amakangana kwambiri, koma nkhani yake ndi yaifupi. La graphite silichita dzimbiri, ndi lopepuka ndiponso lotchipa, koma nsomba yaikulu ikakoka limapindika pang'ono, magiya n'kuyamba kudyana molakwika. La aluminiyamu silipindika, koma limalemera ndipo utoto ukapalika mchere umalowa. Ngati mukufuna shad ndi tinsomba ta m'miyala, graphite ngati ya Penn Pursuit kapena Sedona ikukwanani. Ngati mtima uli pa nsomba za kob ndi garrick, dikirani mwezi wina muonjezere ndalama mugule yachitsulo, Battle kapena BG. Okuma ya ku Taiwan nayo ili ndi ma reel a mtengo wofikirika amene amapezeka m'mashopu ambiri a kuno. Zotsekedwa bwino kuti madzi asalowe, monga Penn Spinfisher VI, n'zabwino kwa amene amalowa m'mafunde mpaka m'chiuno, koma woimirira pamiyala sayenera kulowa ngongole chifukwa cha zimenezo.

Pa kukula kwake, 4000 kapena 5000 imakwana pa shad ndi ndodo yopepuka, pamene woponya kutali nyambo yolemera amafuna 6000 kapena 8000. Koma manambalawa sagwirizana pakati pa makampani: BG 4000 ndi yaikulu kuposa 4000 ya Shimano. Tengani ndodo yanu popita kukagula, muimangirirepo, muone ngati dzanja likulola. Mudzaigwira maola asanu, osati mphindi ziwiri.

Pali funso limodzi limene ambiri safunsa, chonsecho safunsa anadya phula. Funso lake ndi ili: "Ikawonongeka, masipeya ake alipo?" Reel iliyonse, ngakhale yodula bwanji, tsiku lina kasipuling'i ka kawaya kotsekera chingwe kadzathyoka, katayala kadzauma. Ya dzina lodziwika mumapita nayo kwa okonza, amasintha kachidutswako, mwabwerera kunyanja. Yopanda dzina ikafa yafa. Pa chifukwa chomwechi, reel yakale ya kampani yodziwika imaposa yatsopano yosadziwika. Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, zungulitsani chogwirira mutaiika pakhutu, mumve ngati mukulira mchenga. Yesani kubweza m'mbuyo, isasunthe. Chotsani pokulungira chingwe muone ngati kansichi ka pakati kali kowongoka. Chenjeraninso ndi zachinyengo za pa intaneti zonyamula mayina aakulu pa mtengo wosamveka. Dzina lolembedwa pambali aliyense angathe kulilemba.

Komabe zonsezi n'zopanda pake ngati mufika kunyumba n'kuponya ndodo kuseri kwa chitseko. Reel yanga ndinaigula pa mtengo wapakati, ndipo ino ndi nyengo yachisanu ndi chiwiri ikundidyetsa. Chinsinsi chake ndi mphindi zisanu. Ndikafika, nsomba zisanapalidwe n'komwe, ndimamanga buleki kuti madzi asalowe m'timawashala. Ndimathira madzi a pampopi pang'onopang'ono, osati mowomba ndi paipi, chifukwa madzi amphamvu amakankhira mchere m'kati. Kuiviika m'ndowa ndiye ayi ndithu. Ndimapukuta ndi kansalu, n'kuisiya pamthunzi iume, kenaka ndimamasula buleki kuti timawashala tipume. Kadontho kamodzi ka oyilo pa katayala ka chingwe, kena pa chogwirira. Kamodzi pa chaka, nyengo ya shad ikatsekedwa, ndimaitsegula kapena kupita nayo kwa okonza kuti aike girizi watsopano. Pamalo owedzera sindiigoneka pamchenga, ndipo kawaya kotsekera ndimakatseka ndi dzanja, osati pokankha chogwirira.

Powerengera ndalama, musaiwale chiphaso. Malamulo a South Africa amafuna kuti aliyense wowedza m'nyanja mongosangalala akhale nacho, ndipo nsomba zogwidwa ndi chiphaso chimenechi sizigulitsidwa. Shad ndi zinayi pa munthu pa tsiku, zosachepera masentimita 30, ndipo kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 30 Novembala siziloledwa. Ife a kunyanja tikuidziwa nkhani yotere, poti kwathu nako chambo chili ndi nyengo yake yoswana. Mlendo m'dziko la eni amene wagwidwa wopanda chiphaso amataya zambiri kuposa mtengo wa reel.

Mnyamata wa ku Mangochi uja ndinamubwereka reel yanga yachiwiri, ndipo dzuwa lisanakwere anali atagwira shad zitatu. Pobweza anandifunsa mtengo wake. Nditamuuza anapukusa mutu, nati imeneyo ndi theka la ndalama imene amatumizira amayi ake. Ndinamuuza kuti ya amayi asaikhudze. Azisunga pang'onopang'ono miyezi itatu, pakadali pano aziwedzera yangayo Loweruka lililonse, bola aziitsuka. Tinatsikira limodzi pa mpopi wa pafupi ndi poimika magalimoto. Ndinamuonetsa kamodzi kokha, iye n'kumanga buleki, n'kutsegula madzi pang'ono, n'kuyamba kuitsuka mofatsa ngati munthu wotsuka chake.