Musanatsegule Chitini cha Penti

Abale athu ambiri amene ali ku Johannesburg, Cape Town ndi Durban amadyera burashi ya penti. Ena amapeza ganyu pamalo ochititsa lendi tizipinda tosungiramo katundu, amene kumeneko amawatcha self-storage. Ndi mizere ya tizipinda, kalikonse ndi chitseko chake chachitsulo chimene chimadzipinda m'mwamba ngati mphasa. Bwana akati zitseko zonse zipentedwe, mtima umathamangira ku ndalama ndi mtundu wa penti. Ife tikufuna tikambe za masiku amene chitini chisanatsegulidwe, chifukwa ntchito imakomera kapena kuwonongekera pomwepo, ndipo thupi nalo limavulala pomwepo mwini wake osadziwa.

Sisitani chala pa chitseko chakale. Chala chikatuwa ngati mwagwira choko, ndiye kuti dzuwa lasandutsa pentiyo ufa, ndipo watsopano sangagwire pa ufawo. Pakangopita miyezi ayamba kusupuka. Tsukani ndi madzi a sopo ndi burashi yofewa, tsukuluzani, chiume gwa. Pamene pali dzimbiri palani mpaka chitsulo chiwale, n'kupakapo penti woletsa dzimbiri tsiku lomwelo. Zitseko zambiri zoterezi n'zokutidwa ndi zinki ngati malata, ndipo penti wamafuta wamba sakhalitsa pa zinki, choncho funsani kusitolo andakoti yoyenera. Muzipaka mopyapyala. Chitseko chikamadzipinda chimadzikhula chokha, ndiye penti wokhuthala amamatana n'kuchoka. Loko ndi timisewu ta m'mbali timene chitseko chimayendamo zisaone penti.

Tisaiwale kuti kuseri kwa chitsekocho kuli katundu wa munthu: matiresi, makatoni a mabuku, mwina zikalata za sukulu. Madzi opopera ndi makina amalowa pansi ndi m'mbali. Mwini malo ayambe wadziwitsa eni katundu, inu musanagwire payipi.

Koma chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi fumbi. Penti wakale, makamaka wofiira uja wopaka pazitsulo, akhoza kukhala ndi mtovu. Dziko la United States linaletsa mtovu mu penti wa m'nyumba mu 1978, pamene mayiko ambiri anachedwa zaka makumi, ndipo penti wa pazitsulo anapitirirabe nawo. Bungwe la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene tingati ndi wabwino. Kwa wamkulu umakweza BP ndi kuwononga impso. Kwa mayi woyembekezera umafika kwa mwana ali m'mimba. Kwa mwana wamng'ono umawononga ubongo, ndipo nzeru zotayika motero sizibwerera. Mwanayo safunika kufika kuntchitoko ayi. Bambo amamubweretsera okha fumbilo pa ovolosi, m'tsitsi ndi m'zikhadabo, iye akawathamangira pakhomo kuti amunyamule.

N'chifukwa chake tikuti, ngati nyumbayo ndi yakale ndipo palibe wodziwa penti amene ali pansi, muzinyowetsa popala kuti fumbi lisauluke, ndipo musawotche penti ndi moto. Valani masiki ya FFP3. Kansalu komanga pamphuno ndi kodzinamiza nako. Sambani ndi sopo musanadye, zovala za ntchito zisiyeni komweko kapena muziike m'pepala lapulasitiki, ndipo zisachapidwire pamodzi ndi za ana.

Fungo la thina ndi nkhani ina. Masiki ya fumbi sililetsa. Pamafunika ija yokhala ndi tosefera ta makala m'mbali. Malo ena tizipinda timakhala m'kati mwa chinyumba, m'makolido opanda zenera. Mutu ukayamba kuwawa kapena chizungulire, tulukani panja. Pali chikhulupiriro chofala pakati pa amisiri chakuti kumwa mkaka kumatsuka penti m'chifuwa. Mkaka umapita m'mimba, abale, mpweya woipa umapita m'mapapo. Nacho chizolowezi chosamba m'manja ndi thina kapena petulo chitheretu, poti mankhwalawo amalowa pakhungu.

Chomaliza kukonzekera ndi kalendala. Eni katundu ambiri amabwera kudzatsegula tizipinda tawo kumapeto kwa mlungu, ndipo bwana angafune kuti mubwere pa Sabata kudzamaliza kapena kudzayang'anira zitseko zaziwisi. Nkhani imeneyi ikambidwe tsiku lopangana mtengo, osati Lachisanu dzuwa litapendeka. Muuzeni mwaulemu kuti kuyambira Lachisanu dzuwa litalowa mpaka litalowanso mawa lake simugwira ntchito, n'kumusonyeza ndondomeko yanu: kutsuka ndi kupala kumayambiriro kwa mlungu, penti womaliza pofika Lachinayi, Lachisanu m'mawa kuchotsa matepi ndi kuyesa chitseko chilichonse ngati chikukwera bwino. Ku Johannesburg nyengo ya dzinja mvula yamabingu imakonda kugwa masana, choncho pa ndondomekoyo musiyepo tsiku limodzi lapadera.