Khoma la m'nyumba yosanja lili ndi eni ambiri

Pakati pa chaka cha 1853 ndi 1870, pamene Georges-Eugène Haussmann anali kukonzanso mzinda wa Paris molamulidwa ndi mfumu Napoleon III, kunamangidwa nyumba zosanja zamiyala zimene mpaka lero zili ndi anthu. Mamangidwe ake anatsata khalidwe la nthawi imeneyo. Pabalaza ndi podyera pankayang'ana ku msewu, pamene khitchini inkaponyedwa kumbuyo, kumapeto kwa kanjira kakatali, pafupi ndi makwerero a antchito. Wophika sankayenera kuonekera kwa alendo. Usiku ankakwera kukagona m'kachipinda kake pansi penipeni pa denga.

Lero wophika ndiye mwini nyumba, ndipo safuna kubindikira yekha ndi miphika pamene ana ndi alendo akucheza kwina. Chotero ambiri ogula nyumbazi amayamba ndi kugwetsa makoma kuti khitchini, podyera ndi pabalaza zikhale bwalo limodzi lowala. Cholinga chotere n'chosadzudzulika, ngakhale kuti walira mvula walira matope: fungo la anyezi ndi phokoso la mbale nazonso zimasamukira pabalaza.

Nkhani yaikulu ili pa khomalo. M'nyumba yosanja, makoma ena ndi ongogawa zipinda, ena ndiwo asenza nyumba yonse. Khoma losenza silichotsedwa wamba. Injiniya amayamba wawerengera kulemera kumene lanyamula, amisiri n'kuchirikiza denga ndi mizati yoyembekezera, kenaka n'kulowetsa mtanda wachitsulo woti ulandire katunduyo ndi kumtsitsira pa nsanamira. Zimenezi anthu ambiri amazidziwa. Chimene amaiwala n'chakuti nyumba ya zaka 150 siikhala monga anaijambulira pa pepala. Mitanda yamatabwa ya pakati pa nsanja imapindika pang'onopang'ono kufikira itatsamira pa kachipupa kopyapyala kamene poyamba sikankanyamula kanthu. Wogogoda ndi chala amamva ngati ndi kopanda ntchito. Kakachoka, pansi pa mnansi wa pamwamba pamatsika, zitseko zake zimaleka kutsekeka, ming'alu imayamba kuyenda m'makoma. Ndipo ngati a nsanja ya pansi anagwetsa kale chawo zaka zapitazo, ngozi imakula, pakuti katundu amene zipupa zinkapatsirana kuchokera pamwamba mpaka pa maziko amasowa potsikira.

N'chifukwa chake lamulo la ku France la pa 10 July 1965 liyenera kuyamikiridwa, ngakhale eni nyumba ena amaliona ngati chipsinjo. Makoma osenza nyumba amawerengedwa kuti ndi a eni onse a m'nyumbamo, ndipo wofuna kuboola limodzi ayenera kupempha chilolezo pa msonkhano wao, atanyamula mapulani ndi umboni wa akatswiri. Msonkhanowo kawirikawiri umachitika kamodzi pa chaka, kotero munthu angadikire miyezi yambiri, kapena kulipira yekha kuti uitanidwe wapadera. Kuchedwako n'kowawa ndithu kwa amene akubweza ngongole ya nyumba imene sanayambe kugonamo. Koma wogwetsa mwakabisira khoti lingamlamule kumanganso khomalo ndi ndalama zake, kuonjezera pa kulipira zimene zaonongeka kwa anansi.

Palinso fumbi. Nyumba zomangidwa chisanafike chaka cha 1949 zingakhale ndi utoto wa mtovu pansi pa utoto watsopano, ndipo nyundo ikaumwaza, oyamba kuvulala ndi ana aang'ono, a m'nyumbamo ndi a pa makwerero omwe.

Pamene lamulo lili lofooka ndi pa zipupa zopyapyala zija, chifukwa mwini nyumba amaziyesa zake ndipo kawirikawiri amazigwetsa osafunsa munthu. Apa mpamene oyang'anira nyumba zakalezi ayenera kuumirira kuti injiniya aone chipupa chilichonse, chachikulu kapena chaching'ono, ndi kuti zimene zachotsedwa pa nsanja iliyonse zilembedwe m'kaundula wa nyumbayo kuti wodzagula mawa adziwe zimene zatsala.