Gulu la 1984 likadali patsogolo pa draft ya NBA

Chaka chilichonse, kawirikawiri mwezi wa June, matimu 30 a NBA amasankha osewera atsopano kuchokera m'makoleji a ku America ndi m'maligi a maiko ena, pamwambo umene amautcha draft. Matimu amene sadachite bwino ndiwo amakhala ndi mwayi wosankha koyambirira, ndipo chiyambire 1985 malo apamwamba amagawidwa pochita maere pakati pa matimu amene sadafike mu ma playoffs. Zaka zikapitapo, okonda basiketibolo amayamba kukangana kuti ndi chaka chiti chidatulutsa akatswiri enieni.

Mndandanda wanga ndi uwu: 1984 poyamba, 1996 pachiwiri, 2003 pachitatu, 2009 pachinayi. Muyeso wanga si kuwonkhetsa mapointi. Ndikufunsa kuti gulu lililonse lidasiya chiyani m'kaseweredwe, chimene makochi akuphunzitsabe lero.

Gulu la 1984 lidabweretsa anthu anayi osafanana ngakhale pang'ono. Michael Jordan, amene Chicago Bulls idamusankha pa nambala 3, adatenga zikho 6 ndi mphoto 5 za MVP (wosewera wopambana onse), n'kuthetsa chikhulupiriro chakuti timu yofuna chikho imamangidwa pa chimphona cha pansi pa ringi basi. Charles Barkley, wa nambala 5, ankalembedwa kuti ndi wa mamita 1.98, wamfupi pa malo amene ankasewera, komabe ankalanda mipira yobwerera pa ringi pakati pa anthu omuposa msinkhu, mpaka adakhala MVP mu 1993. John Stockton adatsalira mpaka nambala 16. Adasewera zaka 19 ku Utah Jazz, ndipo mapasi ake obala mapointi okwana 15,806 ndi mipira 3,265 yomwe adalanda palibe amene wazifikako. Iye ndi mnzake Karl Malone adanola pick and roll, njira imene mnzako amatchinga wokulondera kenako n'kuthamangira ku ringi kukalandira mpira. Lero palibe timu imene imatha masewero osaigwiritsa ntchito.

Wachinayi ndi Hakeem Olajuwon wa ku Lagos, yemwe Houston Rockets idamutenga pa nambala 1. Munthu ameneyu adayamba ndi ugoloboyi mu mpira wa miyendo, ndipo mapazi akewo adapita nawo ku basiketibolo. Ankatembenuka ngati akupita kumanzere, n'kubwerera kumanja, womulondera atadumpha kale. Mu 1994 adatenga mphoto ya MVP, ya wotchinga kumbuyo wopambana onse, ndi ya MVP wa ndime yomaliza, zonse chaka chimodzi. Zikho ziwiri za Houston, mu 1994 ndi 1995, zidadutsa m'manja mwake, ndipo mipira 3,830 yomwe adatchinga ikadali patsogolo m'mabuku a NBA. Houston idamusiya Jordan n'kutenga iye, koma palibe amene amaidzudzula. Umenewo ndi umboni wokwanira wa mphamvu ya gulu limeneli.

Gulu la 1996 lili ndi mayina ambiri kuposa la 1984, ndipo ndikumvetsa amene amaliika pamwamba. Allen Iverson, wa mamita 1.83 okha, adasankhidwa woyamba, n'kutsogolera ligi pogoletsa kanayi ndiponso kufikitsa Philadelphia m'ndime yomaliza mu 2001. Kobe Bryant adatengedwa ndi Charlotte pa nambala 13 ali ndi zaka 17, n'kusinthanitsidwa ndi Vlade Divac wa Los Angeles Lakers. Zotsatira zake ndi zikho 5 komanso mapointi 81 pamasewero amodzi ndi Toronto mu 2006. Ray Allen adaonetsa mmene munthu amathamangira wopanda mpira kuti apeze mpata woponya kutali. Steve Nash, wa nambala 15, adakhala MVP mu 2005 ndi 2006, akuyendetsa Phoenix Suns ya mphunzitsi Mike D'Antoni yomwe inkafuna kuponya masekondi 7 asanathe. Liwiro limene tikuona masiku ano lidayambira pamenepo. Chimene chikugwetsera gululi pachiwiri n'chakuti zambiri zomwe Kobe ankachita adaziphunzira kwa Jordan, ndipo mu 2009 adapita kwa Olajuwon kukaphunzira kayendetsedwe ka mapazi. Pamenepa mphunzitsi ayenera kukhala patsogolo.

Achinyamata ambiri adzandikwiyira pa 2003, chifukwa m'menemo muli LeBron James. Palibe chotsutsa: zikho 4, mphoto 4 za MVP, ndipo mu February 2023 adadutsa mapointi 38,387 a Kareem Abdul-Jabbar. Dwyane Wade ali ndi zikho 3, Chris Bosh 2, pamene Carmelo Anthony adatsogolera ligi pogoletsa mu 2013. Koma tawerengani ma MVP. Gulu la 1984 lili ndi anthu atatu amene adalandira mphotoyi, la 1996 atatunso, pamene la 2003 ndi LeBron yekha. Chimene gululi lidasintha kwambiri chili kunja kwa bwalo: mu 2010 LeBron, Wade ndi Bosh adagwirizana okha kukasewera limodzi ku Miami, ndipo kuyambira pamenepo osewera adadziwa kuti angathe kudzimangira timu. M'bwalo, phunziro lalikulu lidachokera kwa Bosh, amene adavomera kuchoka pansi pa ringi n'kumaponyera kunja kuti anzake awiri apeze njira.

Gulu la 2009 likulowa chifukwa cha Stephen Curry, wa nambala 7. Minnesota idali ndi malo 5 ndi 6, idatenga Ricky Rubio ndi Jonny Flynn, onse oyendetsa mpira ngati iye, n'kumusiya. Curry adagoletsa mipira 402 ya mapointi atatu mu 2015-16, ndipo mu December 2021 adadutsa 2,973 ya Ray Allen. Pamene Jordan ankayamba, timu inkayesa mipira yotere yosakwana 5 pamasewero. Lero imapitirira 30. Onjezerani James Harden, MVP wa 2018, ndi Jrue Holiday, amene adatenga chikho ku Milwaukee ndi ku Boston.

Tsopano onani amene adasankhidwa pa nambala 2 m'zaka zitatu mwa zinayizi. Mu 1984 Portland idatenga Sam Bowie, wa mamita 2.16, poti idali kale ndi Clyde Drexler pa malo a Jordan. Bowie miyendo idamuvuta. Mu 2003 Detroit idatenga Darko Miličić, wa mamita 2.13, kusiya Anthony, Bosh ndi Wade. Mu 2009 Memphis idatenga Hasheem Thabeet wa ku Tanzania, wa mamita 2.21, Harden ndi Curry ali pomwepo. Portland idabwerezanso mu 2007 posankha Greg Oden m'malo mwa Kevin Durant, ndipo mu 1998 Clippers idayamba ndi Michael Olowokandi pamene Dirk Nowitzki adadikira mpaka nambala 9. Ena mwa anyamatawa adagwa chifukwa chovulala, ndipo si mlandu wawo. Mlandu uli kwa osankha, amene amakhulupirira tepi yoyezera msinkhu kuposa zimene maso awo aona m'bwalo. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Sindikunena kuti msinkhu ulibe ntchito. Nikola Jokić ndi wa mamita 2.11, koma mu 2014 adasankhidwa pa nambala 41, dzina lake likudutsa m'munsi mwa kanema pamene wailesi inkaonetsa malonda a Taco Bell. Adamudelera chifukwa sathamanga kwambiri ndipo sadumpha patali. Munthu yemweyo adakhala MVP mu 2021, 2022 ndi 2024, n'kupatsa Denver chikho chake choyamba mu 2023. Amaona pasi anzake asanaganize zothamangira pamalopo. Olajuwon ndi Jokić ndi ataliatali onse, koma chimene chidawakweza ndi mapazi, manja ndi mutu. Matimu amalakwitsa pogula thupi n'kumayembekezera kuti luso lidzabwera lokha.

Malamulo nawo adakulitsa mtengo wa kulakwitsa kumeneku. Mu 2001 NBA idalola matimu kutchinga potenga madera m'malo molondera munthu ndi munthu, zimene zidachititsa kuti wamtali woima pansi pa ringi azizunguliridwa mosavuta. Mu 2004 oyimbira adayamba kulanga mwamphamvu wolondera amene akugwira mnzake ndi dzanja kunja, choncho oyendetsa mpira adapeza ufulu. Lero wamtali amene sangatuluke kukalondera ku mzere wa mapointi atatu amasakidwa: amamukokera mu pick and roll mobwerezabwereza mpaka kochi wake amutulutse. N'chifukwa chake San Antonio sidalakwitse potenga Victor Wembanyama pa nambala 1 mu 2023. Ndi wamtali kuposa Bowie, koma amayendetsa mpira, amaponya kutali, ndipo amatha kulondera kunja.

Phunziro limeneli likukhudza kochi aliyense wa achinyamata, kuno ku Africa makamaka, kumene mwana wamtali amangouzidwa kuti aime pansi pa ringi adikire mpira. Mwana woteroyo aphunzitsidwe kuyendetsa mpira ndi manja onse, kupereka pasi, ndi kutembenuka ndi phazi lililonse, monga mmene amaphunzitsira wamfupi.

Mndandandawu sudzakhala chonchi mpaka kalekale. Gulu la 2018 likubwera mwamphamvu: Luka Dončić adasankhidwa pa nambala 3 Phoenix ndi Sacramento zitayamba ndi ataliatali awiri, Deandre Ayton ndi Marvin Bagley; Shai Gilgeous-Alexander, wa nambala 11, adakhala MVP n'kutenga chikho ndi Oklahoma City mu 2025; ndipo Jalen Brunson adatsalira mpaka nambala 33. Dončić akadzalandira mphoto ya MVP ndi chikho, gululi lidzakhala ndi ma MVP awiri pomwe la 2003 lili ndi mmodzi, ndipo malo achitatu ndidzawapereka kwa iwo.